Vidiyo yanga ya 3D ya phiri la Mulanje ikupweteketsa anthu mutu: vuto ndi maso awo kapena kamera yanga?

Funso lachokera kwa mnyamata wa ku Chitakale amene amajambula mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe. Akuti: "Ndinagula kabokosi ka VR kolowetsamo foni n'kuvala kumaso, ndipo ndayamba kujambula 3D ndi mafoni awiri omangirira pa thabwa. Ndikufuna alendo amene sangathe kukwera phiri azilionera ngati afikako. Koma anthu akangoonera mphindi zochepa amadandaula mutu, maso kuwawa, ena chizungulire. Phirilo limaoneka lafulati. Nditatalikitsa mafoniwo linaoneka ngati chidole, mutu n'kumapweteka kuposa kale. Azakhali anga akuti saona kusiyana kulikonse ndi TV wamba. Kodi ndikuononga maso a anthu? Ndisiye?"

Achimwene, musasiye, koma thabwa lija mulimasule kaye. Anthu amene akudandaulawo maso awo ambiri ali bwinobwino. Vidiyo yanu ikuwakakamiza kuchita zinthu zimene maso sachita pa moyo wa tsiku ndi tsiku, ndiye akutopa. Kwa munthu wamkulu kutopa kumeneku kumatha akavula kabokosi n'kupuma, ndipo madokotala a maso sanapeze kuti kumasiya chilema. Komabe mlendo amene wachoka pa inu mutu ukugunda sabweranso, ndiye nkhaniyi tiyende nayo bwino.

Tulukani panja, tambasulani dzanja, muimike chala chachikulu molunjika phirilo. Tsinzinani diso lamanzere, kenako lamanja, mosinthanasinthana. Muona chala chikudumphira uku ndi uko pamene phiri langokhala duu. Kudumpha kumeneko ndiye 3D yonse. Maso a munthu wamkulu amatalikirana pafupifupi masentimita 6.3, choncho diso lililonse limaona dziko litaima pamalo pakepake. Ubongo umatenga zithunzi ziwirizo n'kuyeza kusiyana kwake: chimene chadumpha kwambiri chili pafupi, chimene sichinasunthe chili kutali. Charles Wheatstone wa ku England anaonetsa zimenezi mu 1838 ndi magalasi awiri komanso zithunzi zojambula pamanja, ndipo mu 1960 Bela Julesz anasonyeza kuti ubongo umatha kuona kuya ngakhale m'timadontho tomwazika topanda chithunzi cha chinthu chilichonse, malinga timadontho ta diso lina tasunthidwa pang'ono. Mafoni anu awiri akungoyesera kukhala maso awiri aja.

Apa ndi pamene phiri likukugonjetsani. Kusiyana kwa zithunzi ziwirizo kumachepa msanga chinthu chikamatalikira. Chala cha pa dzanja lotambasula chimadumpha pafupifupi madigiri 6. Munthu woima pa mamita awiri amadumpha madigiri osakwana awiri. Mtengo wa pa mamita 100 kudumpha kwake kwachepa ka 50 poyerekeza ndi munthu uja. Nanga thanthwe la Chambe limene lili pa makilomita angapo? Palibe chotsala choti ubongo uyeze, ndipo timadontho ta sikirini ya foni n'tatikulu kuposa kusiyanako. Kunena zoona, ngakhale inuyo mukaima pa Chitakale simuona phiri la Mulanje mu 3D ya maso awiri. Mumadziwa kuti ndi lalikulu ndiponso lili kutali chifukwa cha zinthu zina: mizere ya tiyi imanka ichepa ikamapita kutsinde kwake, mitengo imaphimba mbali ina ya thanthwe, mapiri akutali amatuwa ndi nkhungu makamaka nyengo ya chiperoni, ndipo mukakhala mu minibasi yochokera ku Luchenza mapolo a magetsi amathamangira kumbuyo pamene phiri limaoneka ngati likuyenda nanu. Zonsezi diso limodzi limaziona, kamera imodzi imazijambula. Sapitwa, nsonga yaitali kwambiri ya phirili, ndi wotalika mamita 3,002, koma pa nkhani ya maso awiri ndi chithunzi chakumbuyo basi.

Mutatalikitsa mafoni munachita zimene ojambula mapu akhala akuchita kwa zaka zambiri: ndege imajambula chithunzi, imauluka mamita mazana, imajambula china, ndipo akaziika pa makina a magalasi mapiri amatumphuka. Njirayi imagwira, koma ili ndi mtengo wake. Ubongo sudziwa kuti mwasuntha makamera. Umangoganiza kuti maso ndi omwe aja a masentimita 6.3. Mukatalikitsa mafoni masentimita 60, ndiye kuti mwakuza mutu wa woonera kakhumi, ndipo dziko lonse limachepa kakhumi. Chidole chija chachokera pamenepo. Choipa kwambiri n'chakuti chilichonse chimene chinali pafupi, kaya chitsamba cha tiyi, udzu, kapena mwana wodutsa, chimasiyana kwambiri m'zithunzi ziwirizo moti ubongo umalephera kuzilumikiza. Munthu amaona zinthu ziwiriziwiri, minofu ya maso n'kumalimbana kuti izibweze pamodzi.

Ojambula 3D ali ndi kalamulo kakale kothandiza poyambira: mtunda wa pakati pa malenzi awiri ukhale gawo limodzi mwa magawo 30 a mtunda wokafika pa chinthu choyandikira kwambiri m'chithunzimo. Malenzi akatalikirana masentimita 7, pasakhale kanthu pafupi kuposa mamita awiri ndi pang'ono. Akatalikirana masentimita 60, chinthu choyamba chikhale pa mamita 18, ndipo nthaka imene mwapondayo isalowe m'chithunzi. Yezaninso thabwa lanu. Mafoni awiri ogoneka chopingasa n'kugundanitsa nthawi zambiri malenzi ake amatalikirana masentimita 15 kapena kuposa, kuwirikiza kawiri maso a munthu. Mukawaimika chilili moyandikana mumapeza masentimita 7 kapena 8, zomwe zili bwino.

Tsopano gwero lenileni la mutu uja, limene limatsalabe ngakhale mutamanga thabwa bwino. Maso akamayang'ana chinthu amachita ntchito ziwiri nthawi imodzi. Yoyamba, amatembenukira mkati kuti onse awiri alunjike pa chinthucho. Bweretsani chala pang'onopang'ono ku mphuno ya mnzanu, muona maso ake akusonkhana. Yachiwiri, kagalasi ka mkati mwa diso kamasintha kunenepa kwake kuti chithunzi chioneke bwino, monga momwe kamera yanu imasakira fokasi. Kuyambira ukhanda ntchito ziwirizi zimayendera limodzi ngati amayi awiri osinja mu mtondo umodzi: wina akatsitsa musi mnzake wakweza, popanda wouza mnzake. Maso akasonkhanira pa theka la mita, fokasi nayo imapita yokha pa theka la mita.

Vidiyo ya 3D imasokoneza mgwirizano umenewu. Kuwala konse kukuchokera pa sikirini imodzi imene siisuntha. M'kabokosi kanu malenzi amaikankhira sikiriniyo kuti izioneka ngati ili patali ndithu, kawirikawiri mita imodzi kapena ziwiri, ndipo fokasi ya diso iyenera kukhala pomwepo mpaka vidiyo ithe. Koma inu mwajambula duwa limene likuoneka ngati lili pa masentimita 30 kuchoka pa mphuno. Maso ayenera kusonkhanira pa duwalo, fokasi n'kutsalira kutali. Ubongo umatha kuzilekanitsa pang'ono, koma ndi ntchito, ndipo ikapitirira pamabwera kulemera kwa pachipumi, maso kuuma ndi kuwawa, zinthu kuoneka mbuu. Akatswiri a pa yunivesite ya California ku Berkeley, motsogozedwa ndi Martin Banks, anapanga makina otha kusuntha fokasi ndi kusonkhana kwa maso palokhapalokha, ndipo mu 2008 anaonetsa kuti kusagwirizana kumeneku pakokha kumatopetsa maso. Mu 2011 anapezanso kuti sikirini ikakhala pafupi, zinthu zotumphukira kutsogolo kwake ndi zimene zimavuta kwambiri, pamene ikakhala kutali ngati ya ku kanema, zovuta ndi zimene zakankhidwira kumbuyo kwambiri.

Ndikudziwa chifukwa chake mumafuna zinthu zotumphuka. Ndi zimene zimakuwitsa anthu. Mwana akaona nthambi ikubwera kumaso amazinda, anthu n'kuseka, inu n'kumva kuti ndalama ya kabokosi sinapite pachabe. Koma ine ndimaona kuti 3D yokoma ndi yofatsa, imene munthu amaiwala kuti wavala kanthu kumaso. Zinthu zambiri zikhale pamene pali sikirini kapena kumbuyo kwake pang'ono, ngati mukusuzumira pa windo. Chotumphuka chibwere mwa apo ndi apo, pang'onopang'ono, pakati pa chithunzi, n'kubwerera. Ndati pakati chifukwa chinthu chimene chikuoneka kuti chili kutsogolo kwa sikirini koma chadulidwa ndi m'mphepete mwa chithunzi chimauza ubongo zinthu ziwiri zotsutsana: maso awiri akuti chili kutsogolo, kudulidwako kukuti chili kuseri kwa sikirini. Phewa la munthu lolowa theka m'mbali mwa chithunzi limachita zimenezi kawirikawiri, ndipo pa ukwati mapewa otere sasowa.

Kadulidwe kanu ka pa kompyuta nakonso kasinthe. Pa vidiyo ya ukwati mumadumpha kuchoka pa mphete kupita pa gulu la anthu, kubwerera pa keke, m'masekondi ochepa, ndipo zimakoma. Mu 3D kudula kulikonse kumafuna kuti maso asake mtunda watsopano. Chithunzi chilichonse chikhalitse, ndipo chimene anthu akuyang'ana chisanadulidwe chikhale pa mtunda wofanana ndi chimene adzayang'ane chikadulidwa.

Ndikukayikiranso thabwa lenilenilo. Maso anazolowera kusiyana kwa kumanzere ndi kumanja, chifukwa ndi mmene anakhalira pa nkhope. Kusiyana kwa m'mwamba ndi m'munsi sanakuzolowere, ndipo amapirira kochepa kwambiri. Foni imodzi ikakwera pang'ono, kapena ikapendekeka, diso lina liyenera kuyang'ana m'mwamba lina m'munsi, ndipo mutu umayamba msangamsanga. Pa kompyuta ikani mavidiyo awiriwo lina pamwamba pa linzake, lapamwambalo lionekere mkati, n'kusankha mwala kapena ngodya ya nyumba. Uyenera kukhala pa mzere umodzi m'zithunzi zonse ziwiri, pakati ndi m'makona momwe. Musapendeketse mafoni kuti ayang'anizane mkati poganiza kuti mukutsanzira maso; zimenezo zimapotoza m'makona, mbali ina n'kutalika mbali ina n'kufupika. Alunjike kutsogolo onse, kusuntha kwina mukachitire pa kompyuta. Mafoniwo akhale a mtundu umodzi. Tsekani fokasi, kuwala ndi mtundu kuti zisamasinthe zokha, apo ayi diso lina lidzaona tiyi wobiriwira bwino lina wachikasu. Zimitsaninso kaja koletsa chithunzi kugwedera, chifukwa foni iliyonse imasuntha chithunzi chake mwa njira yake, zithunzi ziwirizo n'kumasambira mosiyana.

Ndiye pali nthawi. Mukajambula madzi a pa Dziwe la Nkhalamba ku Likhubula, dontho limene foni yamanzere yaligwira m'mwamba, yamanja iyenera kuligwira pomwepo. Ikachedwa ndi felemu imodzi yokha, kutanthauza chimodzi mwa zithunzi zambirimbiri zimene foni imajambula pa sekondi iliyonse ya vidiyo, dontho lija latsika kale, ndipo maso awiri akuona mathithi awiri osiyana. Madziwo amaoneka onyezimira mwachilendo, osagwirika ndi maso. Ombani m'manja kamodzi kutsogolo kwa mafoni musanayambe, kuti mukalumikize mavidiyowo pa phokosolo. Ngati mafoni akulola, jambulani mafelemu 60 pa sekondi m'malo mwa 30, kuti kuphonyana kotsalako kuchepe ndi theka. Vuto limeneli si lanu nokha. Ku America mafilimu a 3D anatchuka kwambiri kuyambira 1952, koma pofika 1954 anali atazilala, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chinali chakuti ankaonetsedwa ndi mapulojekita awiri amene ankaphonyana, anthu n'kumatuluka m'holo mitu ikuwawa. Ndipo musanaonetse munthu, tsimikizani kuti chithunzi cha foni yamanzere chapita ku diso lamanzere. Zikasinthana, zakutali zimabwera kutsogolo, zapafupi n'kulowa mkati. Ambiri satha kunena chimene chalakwika, amangoti sizikuoneka bwino.

Chizungulire ndi mseru ndi nkhani ina, yochokera m'khutu. Mkati mwa khutu muli tiziwalo timene timauza ubongo ngati mutu ukuyenda, ukutembenuka kapena wapendekeka. Munthu wakhala pa mpando, khutu likuti tili phee, koma maso akuona njira ya ku Likhubula ikugwedezeka chifukwa munajambula mukuyenda, mwinanso muli pa kabaza. Ndi mseru womwe uja umagwira ena akamawerenga mauthenga pa foni minibasi ikukhota m'mapiri a ku Thyolo, kungoti apa zatembenuka: uko thupi likuyenda maso akuti taima, kuno maso akuyenda thupi lili chikhalire. M'kabokosi zimakula chifukwa chithunzi chadzaza maso onse, palibe khoma kapena tebulo loti ubongo ugwirepo. Mankhwala ake ndi osavuta: kamera iime pa choimikira cha miyendo itatu, yowongoka bwino, pa msinkhu wa maso a munthu. Ziziyenda ndi zinthu za m'chithunzi, kamera ayi. Zumu, kuja kokokera chithunzi pafupi, iwalani.

Mukadzafuna kuonetsa gulu pa chinsalu ndi pulojekita, ndi timagalasi tija tofiira mbali ina, tabuluu mbali ina, pali msampha wina. Kusiyana kumene kunali kochepa pa foni kumakula limodzi ndi chithunzi. Tinene kuti zithunzi ziwiri za nsonga ya phiri zatalikirana magawo awiri pa 100 a m'lifupi mwa sikirini. Pa laputopu ndi mamilimita ochepa. Pa chinsalu cha mamita atatu ndi masentimita 6, ndipo pa khoma la holo loposa pamenepo zapitirira mtunda wa pakati pa maso a munthu. Zikatero maso ayenera kutembenukira kunja, lina kumanzere lina kumanja, chinthu chimene sachita n'komwe m'moyo. Tengani rula, pitani pa chinsalupo, yezani mtunda wa pakati pa zithunzi ziwiri za chinthu chakutali kwambiri; ngati muli ana m'gululo usapitirire masentimita 5. Galasi lofiira limakhala ku diso lamanzere. Ndipo dziwani kuti chitenje chofiira kwambiri chimawala ku diso limodzi n'kuda bii ku linalo, zomwe zimathwanimitsa maso, choncho chepetsani ukali wa mitundu pokonza.

Kabokosi kenikeniko kayang'aneni ngati malenzi ake amasuntha. Anthu sitifanana nkhope: ena maso awo ndi oyandikana kuposa masentimita 6, ena amafika 7, ndipo a ana ndi oyandikana kwambiri. Munthu akayang'anira m'mphepete mwa lenzi m'malo mwa pakati, chithunzi chimapotoka ndipo maso amakokedwa. Aliyense asunthe malenzi mpaka aone bwino asanayambe, ndipo wovala magalasi a maso asavule ngati akukwana m'kabokosimo. Ana aang'ono ine sindingawaveke. Ngakhale kampani ya Nintendo potulutsa kachipangizo kake ka masewera a 3D mu 2011 inachenjeza kuti ana a zaka 6 kutsika m'munsi asamaonere 3D. Pukutaninso kabokosiko munthu aliyense akavula. Matenda a maso ofiira aja amayenda mosavuta pa chinthu chimene chagunda nkhope makumi awiri tsiku limodzi.

Za azakhali, musawaseke, akunena zoona. Pa anthu 100 alionse pamapezeka angapo amene saona kuya kwa maso awiri, ndipo ambiri sadziwa chifukwa amayenda, kuphika ndi kulima bwinobwino pogwiritsa ntchito zizindikiro zina zija. André De Toth, amene anatsogolera imodzi mwa mafilimu otchuka a 3D mu 1953, anali ndi diso limodzi, moti kuya kwa filimu yakeyo sanakuone. Luso lolumikiza maso awiri limayamba mwana ali ndi miyezi pafupifupi inayi ndipo limakhwima m'zaka zoyambirira. Ngati nthawi imeneyo diso limodzi linkayang'ana kumbali, kapena linkaona mbuu kuposa linzake, ubongo umazolowera kulinyalanyaza. David Hubel ndi Torsten Wiesel analandira mphotho ya Nobel mu 1981 chifukwa cha kafukufuku wa mmene ubongo umaonera, kuphatikizapo zimenezi. Koma kwa munthu wachikulire chifukwa chikhozanso kukhala chatsopano, monga ng'ala imene yayamba m'diso limodzi mwakachetechete. Apempheni aphimbe diso limodzi ndi chikhatho awerenge kalendala ya pa khoma, kenako linalo. Ngati lina likuona moperewera, apite akapimidwe ku chipatala cha boma ku Mulanje. Zofuna opaleshoni zimatha kutumizidwa ku chipatala cha maso cha Lions Sight First ku Queens, ku Blantyre, ndipo ng'ala imachotsedwa. Mukapeza mwana wa sukulu amene saona 3D pamene anzake onse akuona, uzani makolo ake msanga, chifukwa diso lofooka limathandizika bwino mwana asanapitirire zaka 7 kapena 8. Chimodzimodzi munthu amene akuonabe zinthu ziwiriziwiri, kapena mutu sukuleka patapita maola atavula kabokosi: ameneyo vuto si vidiyo yanu yokha, akaonane ndi dokotala.

Ndiye mujambule chiyani, poti phiri lakana? Jambulani zimene zili pakati pa mamita awiri ndi mamita 15, pamene maso awiri amagwira ntchito yake yeniyeni, phiri likhale kumbuyo. Mayi wothyola tiyi ali pa mamita atatu, dengu kumsana, manja akuyenda pamwamba pa masamba, anzake ali pa mizere yotsatira, Chambe ali kuseri: pamenepo pali magawo angapo a kuya, ndipo phiri lidzaoneka lalikulu chifukwa cha anthu ali patsogolo pake. Mupemphe kaye chilolezo kwa iwo ndi kwa eni esiteti. Njira yolowa m'nkhalango mitengo ili mbali zonse, miyala ya mu mtsinje wa Likhubula, onyamula katundu wa alendo akubwera chakumaso kwa kamera n'kupatuka asanafike pa mamita awiri, mulu wa nanazi pa msika: zonsezi ndi za 3D. Chithunzi cha phiri lonse kuchokera kutali chijambuleni ndi kamera imodzi m'mawa kuwala kukuchokera m'mbali, muchipereke chomwecho ku maso onse awiri. Palibe adzadandaule, ndipo maso a woonera adzapumirapo.

Vidiyo yoyamba isapitirire mphindi zitatu kapena zinayi, woonera akhale pansi, ndipo mumuuze asanavale kuti akangomva kulemera pachipumi kapena mseru avule pomwepo, asalimbe mtima pofuna kukusangalatsani. Poyesa musadalire maso anu, chifukwa inu mwaonera kambirimbiri ndipo mwazolowera zolakwika zanu. Itanani munthu amene anadandaula kwambiri ulendo wapitawu, ngati angavomere, ndipo mumufunse pa chithunzi chiti penipeni pamene maso anayamba kukoka. Bwererani pa kompyuta, muyeze chithunzi chimenecho: mzere wa m'mwamba ndi m'munsi, nthawi, ndi chinthu choyandikira kwambiri. Kawirikawiri cholakwa chimapezeka pa chimodzi mwa zitatuzi.